Medical aid pa yunivesite: ife a pa kontrakiti tilimo kapena ayi?

Bambo_a_Tiya

Moni nonse, ndithandizeni maganizo amene mumagwira ntchito m'mayunivesitemu. Ine ndine lab technician pa pulojekiti ya kafukufuku pa yunivesite ina muno mu Blantyre, kontrakiti yanga ndi ya chaka chimodzi koma akhala akungoiwonjezera moti pano ndili m'chaka chachinayi. Sabata yatha mwana wanga wa zaka zitatu anatentha thupi usiku mpaka kuyamba kunjenjemera, tinapeza taxi kuchoka ku Ndirande kupita ku chipatala cholipira, pa reception funso loyamba linali "muli pa skimu yanji bambo", ine ndinangoti ndilipira kashi, ndalama ya lendi yonse inathera pomwepo. Mwana wachira tikuthokoza Mulungu. Koma chikundipweteka mtima ndi chakuti mnzanga amene timagwira naye ntchito benchi imodzi, ma sample omwewo, nthawi yowerukira imodzi, iye ali ndi khadi la medical aid pamodzi ndi mkazi wake ndi ana. Kodi lamulo lake limati bwanji? Amayenera kulowa ndani, amatsala ndani?

MayiNaphiri

Pepani bambo a Tiya, zimawawa ndithu mwana akadwala usiku m'thumba mulibe kanthu. Ine ndagwira za HR zaka zambiri ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira kawirikawiri, ngakhale yunivesite iliyonse ili ndi conditions of service yakeyake, makamaka chichokereni 2021 pamene UNIMA inagawidwa, Poly nkukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala KUHeS, aliyense ali ndi khonsolo yake tsopano.

Sayang'ana ntchito imene mukugwira, amayang'ana kalata imene anakulemberani ntchito ndi kumene malipiro anu akuchokera. Amene ali pa establishment, ndiye kuti olembedwa pa mipando yokhazikika ya yunivesite, kaya ndi lecturer kaya ndi messenger, amalowa, kusiyana kwake kumangokhala pa mlingo wa skimu malinga ndi grade, mwachitsanzo ku MASM (Medical Aid Society of Malawi) kuli Econoplan, Executive ndi VIP, ndipo zimene zimalipiridwa pa chilichonse sizifanana. Mnzanuyo ndikukhulupirira ali pa establishment. Inu a pa pulojekiti malipiro anu amachokera ku grant, ndalama ya thandizo yoyendetsera pulojekitiyo, ndiye ngati polemba bajeti ya pulojekitiyo sanaikemo ndalama ya medical aid, a accounts alibe pokaitenga. Mapulojekiti ena amaikamo bwinobwino, ena amangoponyera ka medical allowance mu salale, mwina inunso mukulandira osadziwa, taonani pa payslip. Musayambire ku HR yaikulu, yambani ndi administrator wa pulojekiti kapena PI yemweyo, mkulu wa kafukufukuyo, ndipo nthawi yabwino ndi pamene akukonza bajeti ya chaka chamawa, akatseka bajeti ndiye basi mudikiranso chaka china.

Chiko_wa_pa_Chichiri

Ife a part-time ndiye palibiretu. Ndimaphunzitsa makalasi awiri a madzulo ndi Loweruka, amatilipira pa ma awa amene taphunzitsa, claim form kusaina, kudikira, mulibe medical, mulibe chilichonse. Ndipo musaiwale alonda ndi amayi okolopa aja, timakumana nawo m'makolido tsiku lililonse koma ambiri si a yunivesite, ndi a makampani amene anapatsidwa tenda, akadwala ndi ku Queens pa mzere kuyambira m'mamawa. Ine ndinangolowa MASM pandekha ndi mkazi wanga, imapweteka pa mapeto a mwezi makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse zinakwera, komabe bola. Chenjerani chabe achimwene, mukalowa panokha pamakhala nthawi yodikira zinthu zina asanayambe kukulipirirani, monga za uchembere ndi matenda amene munali nawo kale, funsitsani musanasaine. Komanso khadi sikuti ndiye mwathana ndi kulipira, pali shortfall, ndalama yotsala imene skimu sinalipire, nthawi zina umatulutsabe kena kake pa pharmacy.

AnkoloJ

Mphwanga, pa za lamulo ndikuuze mosabisa kuti usakapite kukakangana ndi mfundo yolakwika. Employment Act ya 2000 sikakamiza bwana aliyense kuika wantchito pa medical aid, imeneyo ndi nkhani ya mgwirizano wa iwe ndi okulemba ntchito. Zimene lamulo limakupatsa ndi izi, ukatha miyezi 12 pa ntchito uli ndi sick leave ya masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, ukavulala kapena kutenga matenda chifukwa cha ntchito pali Workers' Compensation Act, ndipo iwe wa mu labu zimenezi uzidziwe bwino poti umagwira magazi ndi singano. Penshoni nayonso ndi yokakamiza, bwana 10 peresenti iwe 5.

Koma pali pena pamene ndikufuna uyang'anitsitse. Lamulo lomwelo limanena kuti ngati kontrakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito kudzaza mpando umene ndi wa ntchito yokhazikika ya malowo, imatengedwa ngati kontrakiti yopanda malire a nthawi. Zaka zinayi akungowonjezera, funso limenelo ndi loyenera kufunsa. Sindikunena kuti wapambana kale ayi, iwo adzati pulojekiti ili ndi tsiku lothera ndipo mwina akhoza kukhala ndi mfundo, koma tenga makalata ako onse anayi ukawaonetse ku labour office kapena kwa a union ya pa ntchito panupo akuwerengere. Industrial Relations Court iliponso mu Blantyre momwemuno koma kumeneko ndi komaliza, yamba ndi kukambirana, ndipo chilichonse ulembe kalata usunge kope.

Bambo_a_Tiya

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Naphiri mwalondola, ndatsegula payslip pompano ndaona pali mzere wa medical allowance umene sindinkaulabadira, koma ndalama yake siyingakwane ngakhale kulipirira mwana yekha pa skimu yotsikitsitsa, ndipo chilowereni ntchito sinasinthepo. Pa pulojekiti pathu tilipo asanu ndi awiri otere, ndalankhula ndi awiri masana ano agwirizana nazo, tikufuna tilembe kalata imodzi tonse kwa PI kuti mu bajeti ikubwerayi atiike pa skimu ngati gulu m'malo mwa allowance. Ankolo makalata aja ndawapeza atatu, ya chaka chachiwiri ndikaifunsa ku ofesi Lolemba. Mayi Naphiri ngati muli ndi chitsanzo cha kalata yotere chonde ndiponyereni ku inbox.