Kodi mbalame imadziwa bwanji kuti dzira ili si langa?

Wakudambo:
Akuluakulu odziwa za mbalame, ndithandizeni. Pali mbalame monga cuckoo ndi nsadzu zomwe sizimanga chisa, zimangoikira mazira m'zisa za zinzake kuti ziziwalerera ana. Kodi eni zisawo amangovomera? Ngati amadziteteza, amatani kwenikweni, nanga bwanji mpaka lero akupusitsidwabe?

MaiWaMbalame:
Savomera ayi, achimwene. Nkhondo imayamba dzira lisanaikidwe. Nthengu ikaona cuckoo pafupi ndi mtengo wake imaithamangitsa ndi kuijompha mpaka ichoke. N'chifukwa chake cuckoo imabisala n'kudikira kuti eni ake achokepo. Ya ku Ulaya imatera, kuchotsa dzira limodzi, kuikira lake n'kuuluka, zonsezi m'masekondi ngati 10. Atchete ena amaluka khomo lalitali loloza pansi, lopapatiza, moti cuckoo imalowa movutikira, ndipo nthawi zina imapanikizika momwemo.

MphunzitsiWaSayansi:
Mayi ayamba bwino, koma pamene pagona nkhani ndi pa dzira penipenipo. Zambiri zomwe tikudziwa zachokera ku Choma, kum'mwera kwa Zambia, komwe Claire Spottiswoode ndi anzake akhala akufufuza kambalame ka mtundu wa timba kotchedwa tawny-flanked prinia, ndi mdani wake cuckoo finch, kambalame komwe kamaikira mazira m'chisa cha timbayo.

Timbayu amaluka chisa cha udzu m'tizitsamba tatifupi nthawi ya dzinja, n'kuikira mazira 2 mpaka 4. Mkazi aliyense amaikira mazira a maonekedwe akeake, ndipo amakhala omwewo nthawi zonse. Wina oyera, wina a buluu, wina ofiira ngati njerwa, wina obiriwira moderako. Pamwamba pake pali mathotho ndi timizere topotanapotana ngati siginecha. Ndiye cuckoo finch ngakhale itatsanzira bwino dzira la timba mmodzi, m'chisa choyandikana nacho dziralo lioneka lachilendo.

Timba amayang'ana zingapo pamodzi: mtundu wa chigoba, kukula kwa mathotho, ndi momwe amwazikira, kaya aunjikana kumutu kwa dzira kapena ali ponseponse. Akakhutira kuti si lake amaliboola ndi mlomo, n'kulinyamula kukataya. Paja akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake.

Poyesa zimenezi ofufuza amatenga dzira m'chisa cha timba wina n'kulisinthanitsa ndi limodzi la m'chisa chomwe akuyesacho. Amajambula mazira onse ndi kuyeza mtundu wake ndi makina, chifukwa mbalame zimaona kuwala kwa ultraviolet komwe ife sitiona, choncho mazira ofanana m'maso mwathu akhoza kusiyana m'maso mwa timba. Pakapita masiku angapo amabwerera kukaona ngati dziralo lilipo.

Chinanso chochititsa chidwi n'chakuti mlimi wina wokonda mbalame, John Colebrook-Robjent, anasonkhanitsa mazira m'dera lomwelo kuyambira m'ma 1970. Ofufuza aja atawayerekeza ndi a masiku ano anapeza kuti mitundu ya mazira a mbalame ziwirizi yasintha m'zaka 40 zokha. Mazira obiriwira moderako achuluka pakati pa atimba, ndipo cuckoo finch sinathe kutsanzira mtundu umenewu.

Wakudambo:
Zikomo aphunzitsi. Nanga ngati maso ake ndi akuthwa chonchi, amalephera pati?

MphunzitsiWaSayansi:
Pawiri. Poyamba, kutaya dzira kuli ndi mtengo wake. Timba akakhwimitsa kwambiri akhoza kuboola dzira lake lomwe, ndiye pamene kusiyana kuli kochepa amangolisiya. Kachiwiri, cuckoo finch imodzi imatha kubwerera m'chisa chomwecho n'kuikira mazira awiri kapena kuposa, ikuchotsa a mwini wake. Timba amadalira zinthu ziwiri, kukumbukira maonekedwe a dzira lake ndi kuona lomwe lasiyana ndi anzake. Achilendo akachuluka kuposa ake, ziwirizi zimatsutsana ndipo amasokonezeka. Dziralo likaswa basi zatha, mwana wa cuckoo finch amayamba kuswa, amakula msanga, amapempha chakudya mwamphamvu, ana a mwini chisa n'kufa ndi njala.

Nthengu ndiye katswiri. Kafukufuku wa ku Choma komweko wa mu 2023 anasonyeza kuti ingathe kuzindikira ndi kutaya mazira a cuckoo oposa 9 pa 10 alionse, ngakhale cuckoo-yo imatsanzira bwino kwambiri.

MlondaWaNkhalango:
Ndionjezepo za nsadzu, poti mwaitchula, bambo. Apa mwini chisa ali pamavuto aakulu. Nsadzu imakonda mbalame zoikira m'maenje ndi m'mphako, monga little bee-eater, ndipo mumdima umo mathotho sathandiza. Yaikazi imaboola mazira a mwini wake poikira lake. Dzira lakelo imakhala italisunga m'mimba tsiku lina lathunthu, ndiye limaswa msanga. Mwanayo amabadwa wosaona, wopanda nthenga, koma ali ndi mbedza zakuthwa kumapeto kwa mlomo, ndipo amaluma ndi kugwedeza ana a mwini chisa mpaka afe. Chomwe mwini wake angachite n'kulondera pakhomo, kukankhira mazira kunja, kapena kusiya dzenjelo n'kukayambanso kwina.

MaiWaMbalame:
Pali zinanso zomwe zimadikira mpaka mwana aswe. Ku Australia superb fairy-wren imaimbira mazira ake ikamafungatira, ndipo ana amaphunzira kaphokoso kena akadali m'dzira. Akaswa amakaika m'kulira kwao popempha chakudya. Mwana wa cuckoo amakhala m'chisamo masiku ochepa asanaswe, ndiye sakagwira bwino, ndipo makolo amatha kumusiya n'kukamanga chisa china. Ku North America yellow warbler ikapeza dzira la cowbird, yomwenso imaikira m'zisa za zinzake, imamanga chisa china pamwamba pa chakalecho, n'kukwirira dziralo, nthawi zina pamodzi ndi ake omwe.

Pempho langa kwa amene akufuna kuona zimenezi ndi maso: musachotse dzira lachilendo poganiza kuti mukuthandiza, ndipo musamapite pachisa pafupipafupi. Udzu wopondedwa umalozera zilombo pomwe pali chisa. Imani patali, yang'anani m'mawa pamene makolo akudyetsa, ndipo mukaona timba akudyetsa mwana wonenepa wa mlomo waukulu kuposa wake, mudziwe kuti dzira lija linapulumuka.