Kodi chiwindi chouma chingafewenso?

Abale anga, makamaka inu azaumoyo, ndithandizeni nzeru. Amalume anga, asodzi a pa nyanja ya Cahora Bassa, awapeza ndi zipsera m'chiwindi chifukwa cha likodzo la m'matumbo. Mazira a nyongolotsi za likodzo akakodwa m'chiwindimo, maselo otchedwa stellate amadzuka n'kuyamba kupanga collagen (puloteni wolimba wopanga zipsera) wambiri, chiwindi n'kumauma.

Ndawerenga kuti maselowa amasintha khalidwe DNA ili chimodzimodzi: majini (tizigawo ta DNA) ena, monga PPAR-gamma yemwe amathandiza maselowa kukhala chete, amangotsekedwa ndi methylation, kutanthauza kumatika kwa timamolekyu tating'ono pa DNA. Ndiye poti praziquantel, mankhwala a likodzo, amalumewo amwa kale, majini otsekedwawo amatsegukanso, chiwindi n'kufewa? Nanga kachasu, yemwe amalumewo akukanitsitsa kusiya ngakhale tiwachonderere chotani, amawonjezera kutsekaku?

Panopa ali ku Songo, tawuni ya pafupi ndi nyanjayo, ndipo mimba yayamba kutupa. Tithamangire nawo ku Tete, kapena tidikire tsiku limene adokotala anatipatsa?