Mayi wa makilo 110 pa ventileta, plateau yakana kutsika

Kilinikala ofesa wa usiku: Akuluakulu, ndithandizeni msanga. Talandira mayi amene chibayo chamugwira mapapo onse awiri. Tamuika chubu chopumira, ali pa ventileta, makina omuthandiza kupuma. Sikelo ikuti makilo 110, ndiye ndachulukitsa ndi mamililita 6 pa kilo, ndaika tidal volume (mpweya wolowa pa kupuma kumodzi) 660, kupuma ka 14 pa mphindi, PEEP (mphamvu ya mpweya yotsala m'mapapo akamaliza kuutulutsa) 5. Koma alamu ikungolira, plateau (mphamvu ya mpweya m'mapapo ukamaliza kulowa) ili pa 36. Chubu sichinapindike, makhololo tachotsa, mpweya ukulowa mbali zonse. Ndaphonya pati?

Namwino wa ku ICU: Achimwene, mayiyo ndi wamtali bwanji?

Kilinikala ofesa: Sitinamuyeze, asisi. Pomuona ndi wamfupi ndithu.

Namwino: Zoyeza ndi maso ayi. Tengani tepi, mumuyeze ali chigonere, kuchokera kuchidendene mpaka pamwamba pa mutu.

Kilinikala ofesa: Masentimita 158.

Wogonetsa odwala: Vuto lagona pomwepo, mphwanga. Munthu akanenepa, mafuta amadzaza pamimba ndi m'chiuno, koma mapapo sakula nawo. Mapapo amatsata msinkhu, komanso ngati munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Choncho 6 uja sitimuchulukitsa ndi za pasikelo, koma ndi kulemera koyenera msinkhu wake. Pamasentimitawo chotsani 152.4, zotsalazo muchulukitse ndi 0.91, kenaka muwonjezere 45.5 kwa mkazi, 50 kwa mwamuna. Mayi wanuyo akutuluka makilo 50.6. Ndiye kuti 660 mwaikayo ndi mamililita 13 pa kilo, mapapo odwala kale mukuwakoka mopyola muyeso. Kafukufuku wa ARDSNet wa mu 2000, wa odwala mapapo kwambiri a pa ventileta, anayerekeza mamililita 12 ndi 6 pa kilo: pagulu la 12 anamwalira pafupifupi 40 pa 100 alionse, pagulu la 6 anamwalira 31. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inenso ndinkachita zomwezo ndisanaphunzitsidwe.

Kilinikala ofesa: Ndamva, akulu. Koma 300 yokha kwa munthu wathupi chonchi? CO2, mpweya woipa uja wa m'magazi, sikwera?

Wogonetsa odwala: Ikwera mukasiya kupuma pa 14. Musagwere pa 300 kamodzin'kamodzi. Yambani ndi 400, omwe ndi 8 pa kilo, kupuma mukweze kufika 22. Kenaka muzitsitsa 50 pang'onopang'ono mpaka mufike cha pa 300, uku mukukweza kupuma, koma osapyola 35. Plateau isadutse 30. CO2 ikakwerako pang'ono koma pH (muyeso wa asidi m'magazi) ili 7.30 kapena kuposa, musatekeseke. Yang'aniraninso mzere wa flow, woonetsa kulowa ndi kutuluka kwa mpweya, uzibwerera pa ziro mpweya wina usanalowe, apo ayi mpweya ukutsalira m'chifuwa ndipo BP igwa.

Namwino: Mukwezenso kumutu kwa bedi madigiri 30. Mimba yaikulu imakankha mapapo munthu akagona chagada. Ndipo PEEP 5 ndikuiona yochepa kwa mayi wotere, yesani 8, maso ali pa BP.

Kilinikala ofesa: Ndachita zonse. Tili pa 400, ka 22, PEEP 8. Plateau yafika 28, okosijeni 92, BP sinasunthe. Alamu yakhala chete. Zikomo kwambiri, akuluakulu.

Wogonetsa odwala: 92 yakwana, musathamangire 100. Pakatha mphindi 30 yezani magazi, mutiuze pH tisanatsitse kufika 350.

Namwino: Ndipo lembani 158 ndi 50.6 papulasitala, mumate pa ventileta pomwepo. A m'mawa akangoona 110 pafayilo akhoza kukwezanso.