Ndigule 4x4 iti yoti izifika kumudzi osandiboola m'thumba?

Bambo_a_Tadala

Moni nonse a kuno ku Joni. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magalimoto makamaka ma 4x4. Ndakhala ndikusunga kandalama pang'onopang'ono pano kafika R260,000 ndipo ndikufuna bakkie ya double cab yoti mkati mwa chaka izindinyamulira zida poti ndimagwira ntchito yoika ma tiles, koma ikafika December ndizipita nayo kumudzi ndi banja. Kwathu ndi ku Makanjira, amene munadutsapo msewu wochoka pa Mangochi kudzera ku Malindi ndi Lungwena mukudziwa mmene umakhalira mvula ikagwa, galimoto yaing'ono imangothera panjira.

Ndaona ziwiri. Ina ndi Hilux 3.0 D-4D ya 2013 koma yayenda kwambiri, 290,000 km, ina ndi Ranger 2.2 ya 2017 yooneka bwino zedi makilomita akenso ndi ochepa, mitengo yake siyikusiyana kwenikweni. Mtima wanga uli pa yatsopanoyo koma anzanga kuntchito akundiopseza kuti magalimoto amasiku ano ndi kompyuta yokhayokha, ikangodwala basi ndalama zonse zithera ku galaja. Kodi nzoona zimenezi? Ndalama imeneyi ndaikhetsera thukuta abale, sindikufuna kugula chinthu choti chikakhale pa miyala kuseri kwa nyumba.

Makaniko_wa_ku_Booysens

Bambo a Tadala, choyamba dziwani kuti ziwiri zonsezo ndi za kompyuta. Anthu amaganiza kuti D-4D ndi yachikale ngati ma dizilo aja tinkakonza ndi sipanala basi, ayi ndithu, nayonso ndi common rail. Dizilo amakankhidwa ndi mphamvu yoposa 1,000 bar kudutsa timabowo ta injector tating'onoting'ono, nde mukathira dizilo wa madzi, wa fumbi kapena wosakaniza ndi palafini pampu ndi ma injector zimadyeka mkati mwakachetechete, tsiku lina mungoona utsi ndi injini ikugogoda. Ndipo musaganize kuti dizilo woipa ali kumudzi kokha, konkuno kumayambiriro kwa 2024 kunatuluka nkhani yoti boma linapeza ma filling station 70 akugulitsa dizilo wosakaniza. Ma 4x4 ambiri amene amabwera pa galaja pathu sanaphedwe ndi matope kapena miyala ayi, aphedwa ndi mafuta oipa ndi kudumphitsa sevisi.

Pa Hilux imeneyo funsani zinthu ziwiri. Timing belt, lamba woyendetsa ma valavu a injini, imafunika kusintha pa 150,000 km iliyonse nde pa 290,000 yachiwiri yayandikira, muiwerengeretu pa mtengo. Chachiwiri ma washer a pansi pa ma injector, akayamba kutaya mpweya mwaye umalowa mu oyilo nkukatseka kasefa ka pansi mu sump, injini imasowa oyilo nkunoka mwini wake asakudziwa kanthu. Ma washer okhawo ndi otchipa kwambiri koma mukawanyozera mugula injini.

Ranger 2.2 ili ndi tcheni osati belt, imeneyo ndi mbali yabwino, imakokanso bwino. Koma aliyense woigwira ayenera kudziwa kuti posintha oyilo sukhutula nkupita kukadya nsima, amakaniko timachenjezana kuti isakhale yopanda oyilo kupitirira mphindi 10 chifukwa pampu yake ikhoza kulephera kukokanso oyilo. Kuno timazidziwa, funso nlakuti mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango kumudzi akuzidziwa? Ma Ranger 2.0 amene anabwera 2019 aja nawo ali ndi belt yoyenda mkati mwa oyilo, amafuna oyilo wake weniweni osati aliyense amene mwamupeza pa shelefu.

Kumene ndalama zimathera pa magalimoto atsopano si kuti amaonongeka pafupipafupi, ayi, ambiri ndi olimba ndithu. Vuto nlakuti chinthu chikafa sitikonza, timachotsa chonse nkuikapo china. Turbo ili ndi kamota kake kamagetsi, 4x4 simulowetsanso ndi ndodo koma ndi kabatani kamene kamalamula kamota kena pa transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), EGR (valavu yobweza utsi mu injini) imadzaza mwaye, injector yatsopano imafuna kuilembetsa mu kompyuta. Chilichonse mwa izi ndi marandi masauzande angapo. Nde ine langizo langa musathere ndalama yonse pogula, siyani ngakhale R30,000 pambali, ndipo galimoto yopanda buku la sevisi isiyeni ngakhale ikuwala bwanji.

Transporter_Joni_BT

Akulu a ku Booysens anena zoona zokhazokha. Ine ndimanyamula katundu kuchoka kuno kupita ku Blantyre, njira yake Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, nde ndilankhula za panjira.

Funso loyamba musamafunse kuti ndi iti yosaonongeka chifukwa zonse zimaonongeka, muzifunsa kuti ikandifera pa Changara dzuwa lili pamutu ndani andithandize. Ndinali ndi galimoto ina yatsopanoko, sinditchula mtundu, tikuyandikira Tete inangoyatsa kagetsi kachikasu pa dashboard mphamvu zonse nkutha, ikuyenda ngati ngolo ndili ndi tirela yodzaza kumbuyo. Amakaniko a pamenepo anayesetsa ndithu koma makina awo sankawerenga bwino galimotoyo, mapeto ake inali sensa imodzi yaing'ono yokwana m'dzanja koma inachita kuchokera ku Joni pa basi. Sensayo siinali yodula kwenikweni, zimene zinandipweteka ndi malo ogona, chakudya, kulipira woyang'anira katundu usiku komanso makasitomala akuimba foni kuti katundu wathu ali kuti. Mtengo wokonzetsa galimoto anthu amawerengera sipeya yokha kuiwala zonsezi.

Nchifukwa chake ambiri a ife timakakamira Toyota ndi Isuzu. Masipeya ake muwapeza ku Limbe, ku Ndirande, ku Malangalanga ku Lilongwe ngakhale pa Mangochi pomwe, atsopano ndi akale omwe, ndipo amakaniko anazizolowera. Hilux imapangidwa ku Durban, Isuzu ku Gqeberha, Ranger nayo konkuno ku Silverton ku Pretoria nde kuno zonse masipeya ndi mbwee, kusiyana kumayamba mukaoloka Limpopo.

Zina zoti muchite kaya mugula iti. Nyamulani ma filter a dizilo awiri, fan belt ndi oyilo wanu. Kumudzi mafuta akasowa mudzakakamizika kugula wa m'zigubu, pamenepo mpamene injini zimafera, nde ngati mungathe ikitsani filter yachiwiri yopatula madzi. Matayala pewani ma rim aakulu a 18 okhala ndi tayala lopyapyala, pa maenje amaphulika ndipo saizi yake kumudzi njovuta, 16 kapena 17 ndiye bho. Komanso katundu abale, December timapakira malata, firiji, njinga, masofa pamwamba kenako sipuling'i ikathyoka kapena bearing ikapsa tiziti galimoto ndi yoipa. Osaiwala mapepala, ngati galimoto ili ndi ngongole ya banki pa boda afuna kalata yochokera ku bankiko.

Mayi_Nachisale

Ine ndisiyana nanu pang'ono abambo inu. Nthawi zonse nkhani imeneyi ikabwera aliyense amatamanda zakale, koma a Tadala anena kuti azikwezamo banja. Ana ali kumbuyo, ulendo wa masiku awiri, usiku, ng'ombe ndi abulu pa msewu wa Masvingo. Magetsi amene mukuwadandaulawo ena mwa iwo ndi amene amagwira galimoto ikayamba kutsetsereka pa msewu wonyowa, ndi ma airbag omwe. Mukukumbuka 2018 pamene bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto la Global NCAP ndi bungwe la oyendetsa galimoto la AA anayesa Nissan NP300 Hardbody nkupeza nyenyezi 0 pa chitetezo cha akuluakulu? Imeneyo inali galimoto yosavuta kukonza yomwe anthu ankaikonda kwambiri. Kwa ine moyo wa ana anga sindingausinthanitse ndi kutchipa kwa sipeya.

China chomwe palibe watchula ndi akuba. Kuno ku Gauteng Hilux ndi Fortuner zimasakidwa kwambiri, nde musanagule imbirani a inshuwalansi akuuzeni mtengo wa pamwezi wa galimoto zonse ziwiri, ena amafuna tracker ena mpaka ziwiri. Ndalama imene mukuti mupulumutsa ku galaja mwina izituluka mwezi ndi mwezi kumeneko, osanenanso za mantha poima pa robot madzulo.

Za kudula kwa sevisi, kuyambira July 2021 malamulo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amalola kuti ngakhale galimoto ili pa warranty mukhoza kukapangitsa sevisi ku galaja yodziimira payokha warranty osatha, nde simuli omangika kwa dealer ngati kale.

Ndipo ndifunse nawo bambo, 4x4 mukuifunadi? Miyezi 11 galimoto ikhala pa tala kuno. Ife tili ndi 4x2 yokwera yokhala ndi diff lock (yokakamiza matayala onse akumbuyo kuzungulira limodzi), kwathu ku Ntcheu kumapiri timafika bwinobwino ndi matayala abwino. 4x4 ili ndi diff yakutsogolo, ma CV (majointi opereka mphamvu ku matayala akutsogolo), transfer case, zonsezo nzofuna oyilo ndi kukonza, imamwanso mafuta ochulukirapo. Koma za ku Makanjira mukudziwa ndinu, ine sindinafikeko.

Mzimba_Boy

Madala ngati mukufuna yosafa gulani Land Cruiser 79 ya 4.2, injini ya 1HZ ilibe turbo, pampu yake ndi yachikale, ma ambulansi akumidzi kwathu ndi omwewo. Kungoti pa ndalama yanuyo kuipeza yabwino nkovuta, pa N1 imayenda mwaulesi ndipo dizilo imamwa. Chimene ndikuchenjezeni ndi ma SUV apamwamba akale omwe muwaone otchipa pa Jules Street kuno ku Joni, monga Discovery 3 ndi anzake a air suspension. Kukwera kwake nkokoma zedi ndipo m'matope ndi akatundu, koma mtengo watsika ndi wa galimoto yokha, masipeya akadali a galimoto yodula. Compressor kapena thumba la mpweya likafa galimoto imakhala pansi, ku Makanjira mukaidzutsa ndi chiyani? Onaninso Isuzu KB 300 kapena 250, anthu amaidelera chifukwa mkati ndi yosakongola koma imapirira.

Makaniko_wa_ku_Booysens

Mayi Nachisale za chitetezo mwanena zoona sindikutsutsa, a Tadala aone kuti galimoto ili ndi ma airbag angati komanso ngati ili ndi stability control, magetsi ogwira galimoto ikamatsetsereka aja, chifukwa zimasiyana ndi model. Koma za 4x2 ku Makanjira nthawi ya mvula ine ayi, kuli mchenga ndi mitsinje yodzaza, pamafunika low range, magiya a 4x4 okoka mwamphamvu pang'onopang'ono. Chinanso mukaoloka madzi akuya kasinthitseni oyilo wa ma diff, madzi amalowera pa breather (kabowo kopumira diff) oyilo nkusanduka ngati mkaka, pakatha miyezi diff iyamba kulira.

Bambo_a_Tadala

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso makamaka pa za inshuwalansi ndi zosiya ndalama pambali. 4x4 yokha ndiifuna ndithu mayi, chaka chatha anthu anagona kutsidya kwa mtsinje kudikira madzi aphwe. Mawa ndiimbira a inshuwalansi andipatse mitengo ya zonse, ndipo ndayamba kuyang'ananso ma Isuzu, ndaona KB 300 ya 2015 ku Boksburg yomwe akuti buku la sevisi lilipo lonse. Akulu a ku Booysens, Loweruka m'mawa mungapezeke kuti tipitire limodzi ndi makina anu aja mukaiyeze musanandilole kupereka ndalama? Ya mafuta ndi ya nthawi yanu ndilipira, ndakutumizirani uthenga ku inbox.