Kodi "kupatsa n'kuika" ndi kuika kotani?

Kamvukuto: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikusula mpeni wopinda wa m'thumba woti ndikawapatse alamu anga. Chitsulo chake ndi chakale cha tupa, ndipo mpeniwo ndi wopanda sipuling'i, uja uli ndi kamchira kamene umakapanikiza ndi chala ukautsegula. Amalume anandipeza ndikuboola polowa msomali n'kundifunsa kuti wogula ndani. Ndinati ndi mphatso, nanga si kupatsa n'kuika, nawonso tsiku lina adzandikumbuka. Iwo anangoti, "Mphwanga, mwambi umenewo si wa ngongole," basi n'kumapita. Nanga ndi wa chiyani? Ine chibadwire ndimadziwa kuti wopatsa wasungitsa.

Mdzukulu: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi. Anali ndi kampeni konoledwa mpaka kutsala ngati singano, ndipo aliyense wodzabwereka ankangomupatsa osafunsa tsiku lobweza. Ife tikanyinyirika ankati kupatsa n'kuika, adzukulu. Maso atasiya kuona, amene ankabwera kudzawathandiza sanali obwereka aja okha. Ena anali ana awo, ena anthu oti sitinkawadziwa n'komwe. Mwina amalume anuwo akunena zimenezo. Waika inde, koma sudziwa amene adzakutulutsire.

Chikumbu: Nonse mwaphonya. Kuika kwake ndi kuja timati taika maliro. Chimene wapatsa wachikwirira, chapita, usakachifunsenso. Agogo anga akamva munthu akuti "nsalu ija ndinakupatsa ili kuti" ankamudula pakamwa ndi mwambi womwewu. Ndani anafukulapo chimene anaika?

Nyundo: Za mwambi ndibwera. Achimwene a Kamvukuto, mwachita bwino kuboola tsopano, chifukwa chitsulo cha tupa chikangolimba simuchiboolanso. Koma musathamangire kuchiviika chili chotentha kuti chilimbe. Chitsulo chimene mwachimenya ndi nyundo chimakhala chosokonekera mkati, ndiye chitenthetseni mpaka maginito asiye kumata, n'kuchisiya chizizire chokha pamphepo, katatu. Maginito amasiya kumata pa madigiri 770 kapena pamenepo, pomwe poviika pamafunika kupitirira pang'ono, cha m'ma 800. Viikani m'mafuta ophikira ofunda, osati m'madzi, madzi amang'alula chitsulo cha kaboni wambiri. Ndipo kukamwa kwa mpeni musakupyapyalitse kaye, siyani kunenepa kwa milimita imodzi, apo ayi kupindika. Mukachotsa m'mafuta kwechani ndi tupa. Mukamva kuterera, chalimba.

Aphunzitsi Opuma: Bambo Chikumbu, pepani, koma kuika maliro ndi mwana chabe wa kuika kwenikweni. Mayi anga akapita ulendo ankanena kwa anzawo kuti "mundiikire katunduyu." Kodi ankati amukwirire? Palinso kuikiza, ndipo choikiza chimakatengedwa. Akale ankanena za kusunga.

Chikumbu: Aphunzitsi, choikiza chimakatengedwa, zoona, n'chifukwa chake mwambiwo sunati kupatsa n'kuikiza. Unati kuika. Taganizani za mpeni womwewu. Alamuwo akautenga adzatsegulira zitini, adzaukanulira misomali, nsonga n'kuthyoka. Ngati a Kamvukuto mumtima mwawo akuti anasungitsa, tsiku limenelo chibale chidzatha. Wokwirira sapwetekedwa mtima.

Kamvukuto: A Nyundo zikomo, za katatuzo ndichita. Bambo Chikumbu mwandiopseza, alamu angawo ndi otsegulira zitini ndithu.

Nyundo: Ndiye mverani izi. Mpeni ukangochoka m'mafuta umakhala wolimba mopitirira, ukagwa pansi ukhoza kusweka. Tsiku lomwelo uikeni mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri, uzizire, mubwerezenso. Mukaupala pang'ono musanauike, mudzauona utasanduka wachikasu chotuwa. Ukafika pobiriwira ngati thambo mwapitirira, kutentha kumeneko n'kwa sipuling'i osati kukamwa kwa mpeni. Kwa alamu anuwo kwezani pang'ono, 220, ubunthe msangako koma usathyoke. Tsono pa mwambi, ine ndimaumva chonchi. Ntchito yonse ndanenayi wolandira saiona. Iye amaona chikumbu chosalala basi. Koma yaikidwa mkati mwa chitsulo, ndipo patapita zaka idzatuluka yokha, yabwino kapena yachinyengo. Amene anandiphunzitsa kusula ankati chinthu chopatsa chimanyamula dzina lako kuposa chogulitsa. Wogula akanyansidwa amangotaya, koma wolandira amanena kuti uwu anandisulira uje.

Mdzukulu: Kumeneko ndiye kumasulira kwa amisiri, agogo anga sanagwirepo nyundo.

Chikumbu: A Nyundo mwangondithandiza osadziwa. Mwati ntchitoyo siioneka, ili mkati. Chimene chili mkati chosaoneka si chokwiririka? Ndi maliro omwe aja.

Nyundo: Ayi bambo, changa chimadzatuluka. Chanu mwati sichifukulidwa.

Nakubala: Ine chondiwawa si mwambi koma kuti tafika pofunsana zotere. Agogo athu sankamasulira miyambi, ankangoiponya, iwe n'kumaimva ndi mtima. Ana a lero ndikawauza kuti uje akusula amayankha kuti oh, akuwotcherera. Kusula ndi kuwotcherera n'zofanana? Mvukuto saudziwa, chipala sachidziwa, mbaniro amati pulayala. Wanga wamng'ono ndinamuuza kuti agwire mpeni kuchikumbu, anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Aphunzitsi Opuma: Mayi mwanena zoona. Ngakhale kupatsa komweko kukutha, tsopano ndi "ndigayireni" paliponse, kwa mnzake, kwa bambo ake, chimodzimodzi. Mphatso ukawapatsa akuti "bho." Zikomo anapita kuti?

Wa Dzana Dzanali: Makolo, mwatiyambanso. Inu nomwe anthu anayi akuluakulu mwambi umodzi mwaumasulira panayi, ndiye ife tikatengere kwa ndani? Mvukuto sitiudziwa chifukwa amene akusula masiku ano ambiri akupemerera moto ndi kafani. Ine funso langa lili kwa a Nyundo. Mpeni wopanda loko si ungodzitsekera pa zala za alamuwo? Bwanji osaika kamphete kokoka ngati ka mpeni wa Okapi?

Nyundo: Funso labwino mwana wanga. Podula, chitsulo chimakankhidwira kotseguka, osati kotseka, ndipo kamchira kaja kali pansi pa chala. Umadzitsekera ukaubayira chinthu, ndipo mpeni wotere si wobayira. Mpeni wa Opinel wa ku France unayamba mu 1890, mphete yokhoma anaiwonjezera mu 1955, zaka zonse zapakatipo anthu ankadulira wopanda loko. Chofunika ndi msomali wapakati. A Kamvukuto, ikani mawashala opyapyala amkuwa mbali zonse ziwiri, ndipo pokhoma mutu wa msomali menyani pang'onopang'ono mukuyesa kutsegula. Mukalimbitsa kwambiri sutseguka, mukalekerera uzigwedera. Musaiwale kamsomali kachiwiri koimitsa, kuti potseka kukamwa kusamagunde mtengo wa chikumbu. Mtengowo ukhale wouma bwino, wauwisi ukauma umafota ndipo mpeni umayamba kutseguka wokha m'thumba.

Nakubala: Mwaona? "Kafani," "loko." Ndi zomwe ndikunenazi.

Wa Dzana Dzanali: Mayi, a Nyundo anena uvuni, maginito, mawashala, simunawadzudzule.

Nakubala: Iwo ndi akulu.

Mdzukulu: Tabwererani ku mwambi inu. A Kamvukuto, bwanji osangowafunsa amalumewo?

Kamvukuto: Ndawaimbira. Akuti ndikamalize kaye mpeni, za miyambi sizikambidwa pafoni.

Chikumbu: Akakuuzani mudzatiuze, koma ndikudziwa kale adzanena za maliro. Munthu wamkulu sanganene kuti "si wa ngongole" kenako n'kudzatinso wasungitsa.

Aphunzitsi Opuma: Kusungitsa si kukongoza, bambo Chikumbu. Ndanena kale ndipo ndibwerezanso mawa. A Nyundo, pakali pano tandiuzeni, chitsulo cha sipuling'i ya galimoto chingathekenso pa mpeni waung'ono chonchi, kapena n'chokhuthala kwambiri?