Thebulo la mlombwa lapindika nditamata ndi guluu: ndilipale bwanji?

Amisiri anzanga, ndithandizeniko nzeru. Ndalumikiza matabwa 5 a mlombwa kuti akhale pamwamba pa thebulo, mulitali masentimita 180, mulifupi 90, kuchindikala mamilimita 30. Guluu wauma, koma pakati patukuka mamilimita 4, ndipo m'molumikizira muwiri matabwa asiyana ndi milimita imodzi. M'makina opalira silingalowe, lakula.

Maganizo anga ndi awa: ndiyambe ndapala guluu wotuluka uja, chifukwa amabunthitsa mpeni wa pulena. Kenako ndidutse mopingasa ndi pulena ya nambala 5 (yapakatikati), ndikuyika rula yachitsulo kuti ndione pokwera, ndimalize ndi ya nambala 7 (yaitali, yowongolera) motsata mitsempha ya thabwa.

Pomwe pandivuta ndi apa. Ndiyambire mbali yotukuka kapena yolowa? Ndikufuna latsale mamilimita 25, ndiye kuchotsa 4 uku ndi 4 uko kundiperewetsa. Kodi si bwino kungolicheka m'molumikizira, kuwongola m'mbali, n'kumatanso makilampu (zopanira matabwa) ali ena pamwamba ena pansi?

Nanga belt sander (mashini yokwechera thabwa ndi lamba wa sandipepa) ya sandipepa wokhakhala wa nambala 60 mumaikhulupirira? Imakumba timaenje ukangoima pamodzi, ndipo timaonekera ukapaka vanishi. Komanso popala, mlombwa umazuka pomwe mitsempha yatembenuka. Mpeni wa pulena mumautchera motani pamenepo?