Za soketi ya kuchipinda chatsopano ija, zatheka

Abale, sabata yatha ndinafunsa ngati ndingangokoka waya kuchokera pa soketi ya pabalaza kupititsa kuchipinda chomwe tawonjezera kuno ku Mufakose. Zikomo kwambiri amene munandiletsa waya wochepa thupi wa 1.5, uja ngwa mababu basi. Ndinaitana electrician, atamasula soketi ya pabalaza ija anapeza kuti nayonso inachita kupatsidwa moto ndi inzake, waya wada bii ndi kutentha, pulasitiki ikungoyoyoka m'manja, mtima unandigunda poti ana amagona pompo. Ndiye anakoka laini yakeyake ya waya wokulirapo wa 2.5 kuchokera pa DB (bokosi logawa magetsi m'nyumba), breaker (switch yodzithimitsa yokha moto ukachuluka) ya 20 amps, yonse mu conduit (paipi yodutsamo waya), earth (waya woteteza ku shoko) anayeza ine ndikuona. Magetsi anali atapita koma anayamba wathimitsa main switch, akuti amabwerera osaodira. Pano amayi akusitira kuchipinda kwawo, breaker siikugwa.